Kwa mwana wanga, mphunzitsi watsopano wa kemisitiri

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, mayi ako akupereka moni. Ndamva dandaulo lako loti ana a m'kalasi mwako asokonezeka ndi mutu wa ma alkene. Inenso ndinadya fumbi la choko zaka zambiri pa mutu womwewu, ndiye tchera khutu.

Usawadzadzire bolodi ndi zoloweza. Agwire kaye chinthu chimodzi: mu alkene muli makaboni awiri olumikizana kawiri, ija timati double bond, ndipo chingwe chimodzi mwa ziwirizo sichichedwa kuduka. Chikaduka, kaboni aliyense amatsala ndi dzanja lopanda kanthu, n'kugwira mlendo amene wafika. Kaya mlendoyo ndi hydrogen, kaya bromine, kaya madzi, nkhani yake ndi yomweyo.

Kenaka aone ndi maso awo. Ngati mu labu mulibe alkene wotchedwa cyclohexene usataye mtima, mafuta ophikira a mpendadzuwa amagwira ntchito poti nawonso ali ndi double bond. Donthezera pang'ono m'kachubu ka madzi a bromine, aja ooneka ngati lalanje, utseke, ukhutchumule. Mtundu uja uzimiririka iwo akuona. Ndimakumbukirabe mtsikana wina wa kumbuyo amene anaimirira n'kufuula kuti, "Aphunzitsi, mwautaya kuti?" Funso lotero ndi lomwe uzilifuna. Koma chonde tsegula mawindo, ndipo botolo la bromine uzigwira wekha. Imawotcha khungu, ndipo fungo lake limapweteka pachifuwa.

Akatero, apite nawo kunyumba mutuwo. Majarini amene amapaka pa buledi ndi mafuta omwewo atalimbitsidwa ndi hydrogen mothandizidwa ndi nickel. Jumbo ya kumsika ndi ethene (alkene wamng'ono pa onse) wambirimbiri atagwirana manja kukhala polythene. Ukukumbuka agogo ako akuvundika nthochi mumtsuko n'kuphimba ndi masamba? Nthochi zimatulutsa mpweya wa ethene, ndipo ukatsekeredwa zimapsa msanga. Agogo ankachita kemisitiri imeneyi asanaonepo khomo la sukulu, ndipo ana ako ayenera kumva zimenezi kuti asamaione ngati nkhani ya kutali.

Pa ethanol, uja wopezeka mu mowa, usamale, pamenepa ambiri amaphonya mayeso. Wa m'buku amachokera ku ethene ndi nthunzi, pa madigiri 300, ndi phosphoric acid. Wathu wa ku Dwangwa amachokera ku molasesi wa nzimbe wowiritsidwa ndi yisiti. Azisiyanitsa njira ziwirizi.

Undilembere mmene kachubu kaja kakuyendere. Pobwera pa holide utitengere shuga.

Ndine,
Bambo ako