Kuthokoza ofesi yoona za chitetezo pa njanji

Mabwana,

Tikulemba ngati gulu lotchetcha udzu ndi kukonza ngalande m'mbali mwa njanji kuno ku Mchinji, mbali yolowera ku Chipata. Pobwera kudzapempha maphunziro a alonda oyang'ana sitima, tinkayembekezera mawu aja a masiku onse: "Abwana atuluka, bwerani mawa." Kwina tinapondako katatu, mpaka kalata yathu inasowa. Ena anatiyankha kuti kuno sitima zimadutsa mwa apo ndi apo, ndiye mlonda ngwachiyani. Chonsecho ngozi yagona pomwepo, chifukwa munthu akazolowera njanji ya zii amaleka kucheuka.

Kwanu za mapepala sizinachedwe. Koma amene atichititsa kulemba ndi mayi a mu ofesi yanu amene anabwera okha pamalo a ntchito, dzuwa likuswa mtengo. Sanaime pamthunzi. Anayenda nafe m'mbali mwa njanji tikuyeza mtunda, n'kutiwerengera kuti sitima yothamanga makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 11 pa sekondi imodzi. Ngati gulu likufuna masekondi 30 kuti lichotse zida ndi kukaima pabwino, mlonda aziona mamita oposa 330 mbali zonse ziwiri. Pokhota, kapena pamene tsekera watalika, paime mlonda wachiwiri patsogolo, ndipo awiriwo azionana. Akapanda kuonana, ntchito iime. Woyendetsa sitima sangakhote, ndipo sitima yolemedwa siima pafupi ngakhale amange mabuleki.

Anabwereza kangapo kuti mlonda alibe ntchito ina. Sagwira chikwakwa, sayankha foni, satumidwa madzi. Malo othawirako asankhidwe ntchito isanayambe. Wezulo ikalira aliyense akweze mkono kusonyeza kuti wamva, achoke, asabwerere mpaka mlonda atanena. Wogwiritsa makina aphokoso samva wezulo, choncho pakhale wina pafupi womugwira paphewa.

Ataona kuti wezulo ya mlonda wathu ndi yosweka, mayiwa anavula yawo m'khosi n'kumupatsa. Kenako anaima naye kufikira atailiza mokwanira kumveka kwa munthu womalizira pagulu. Mayiwa ankamutchula mlondayo "achimwene", osamukalipira ngakhale analakwitsa kawiri.

Akapitawo amene amapatsa munthu mmodzi mbendera yofiira ndi fosholo nthawi imodzi, pofuna kuchepetsa malipiro, akanabwera kudzaona. Chonde mutiperekere kuthokozaku kwa mayiwo, ndipo mvula ikayamba, udzu ukakula, muwatumizenso adzayeze nafe pokhota paja.

Ife anu,
Gulu lotchetcha m'mbali mwa njanji, Mchinji