Achinyamata ojambula makanema m'galimoto atchinge mphepo asanajambule

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata a kuno ku Mulanje ndi a ku Thyolo amene masiku ano akujambula makanema ali m'galimoto kapena pa njinga yamoto, n'kumawaika pa Facebook ndi pa TikTok. Zithunzi zawo n'zosiririka, pakuti msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza mpaka ku Muloza umadutsa m'minda ya tiyi, phiri likuonekera patsogolo. Koma munthu akakweza voliyumu amangomva chimkokomo cha mphepo, ndipo ambiri akaona choncho amafufuta mawu onse n'kuikapo nyimbo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa kulira kwa injini pokwera zitunda za ku Thyolo ndi mawu a munthu wofotokoza malowo ndi zimene zimasonyeza kuti kanemayo ndi wakwathu.

Ojambula mkati mwa magalimoto ampikisano, m'mabwalo monga la Kyalami ku South Africa kumene liwiro limapitirira makilomita 200 pa ola, akhala akulimbana ndi vuto lomweli, ndipo njira zawo zambiri sizilira ndalama zochuluka. Chimene iwo amadziwa n'chakuti phokosolo limabadwira pa maikolofoni penipeni. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akakafika, ndiye mphepo ikakawomba mwachindunji imakakankha mwamphamvu kuposa mawu ena onse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepoyo imawirikiza kanayi, kutanthauza kuti pa makilomita 80 pa ola maikolofoni imakankhidwa kanayi kuposa pa makilomita 40. Kuwonjezera apo, mafoni ndi makamera ambiri amadzitsitsira okha voliyumu akamva phokoso lalikulu, kotero mawu a munthu amamira pomwepo.

Chifukwa cha ichi, chinthu choyamba ndi malo a maikolofoni. Kamera imafunika kuona msewu, koma maikolofoni siyenera kukhala pamene pali kamerapo. Ampikisano amaika kamera pagalasi lakutsogolo kapena kumbuyo kwa mipando, pamene maikolofoni yapadera amaimata pansi pa mpando kapena kumapazi, kumene mpweya suyenda kwambiri. Akafuna kulira kwa ekizozi amaimata kumbuyo kwa galimoto pafupi ndi nambala, chifukwa thupi la galimotolo limatchinga mphepo, koma amasamala kuti isayandikire paipi yotentha. Amene alibe maikolofoni yapadera angathe kubwereka foni yachiwiri kuti ijambule mawu okha ili pansi pa mpando. Asanayambe ulendo awombe m'manja kamodzi mafoni onse awiri akujambula, ndipo polumikiza mawu ndi zithunzi kuwombako kudzawasonyeza poyambira.

Maikolofoniyo iyeneranso kuvekedwa. Siponji imathandiza mphepo ikakhala yochepa, koma pa liwiro lalikulu nsalu yaubweya wautali ndiyo imagwira ntchito bwino, chifukwa ubweyawo umafooketsa mphepo isanafike pa kachikopa kaja, pamene mawu amadutsa ndithu. Kachidutswa kodulidwa pa chidole chakale kapena pa kolala ya jekete la pa kaunjika n'kokwanira. Pa mafoni ambiri maikolofoni imakhala kabowo kakang'ono kunsi, pafupi ndi potchajira, ndipo ubweyawo umangidwe pamenepo ndi labala. Ndikuchenjeza kuti kumata selotepi pakabowopo si nzeru, pakuti imatsekereza mphepo pamodzi ndi mawu omwe. Wa pa njinga yamoto aike kamaikolofoni kovekedwa siponji mkati mwa helemeti, pafupi ndi tsaya.

Palinso kugunda kolemera kumene kumamveka m'galimoto zenera limodzi lokha likakhala lotsegula. Mpweya wa m'galimoto umakhala ukulira monga limalirira botolo munthu akauzira pakamwa pake, ndipo ubweya sungathetse zimenezo. Kutsitsa pang'ono zenera lina kumachepetsa kugundako, ndipo kutseka mazenera onse, ngati kutentha kwalola, ndiko kumathandiza koposa.

Ena amadalira mapulogalamu a pa kompyuta. N'zoona kuti pulogalamu yaulere ya Audacity imatha kudula mawu okhuthala apansi, kumene phokoso lambiri la mphepo limakhala, koma kulira kwa injini kumakhalanso komweko, ndiye munthu akadula kwambiri galimoto imamveka yopanda mphamvu. Mawu amene anaphwanyika kale pojambula sabwereranso bwinobwino ngakhale pulogalamuyo ikhale yotani.

Sindingasiye kunena kuti misewu yathu si mabwalo ampikisano. Ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Chitakale anthu amayenda m'mphepete mwa msewu, ana asukulu ndi akabaza ali pomwepo, choncho woyendetsa asagwire foni m'manja ndipo asawonjezere liwiro pofuna kukometsa kanema. Zipangizo zonse zimangidwe zolimba galimoto isananyamuke, makamaka foni ya pansi pa mpando, kuti isagubuduke n'kukalowa kunsi kwa buleki. Akatero ajambule mphindi imodzi, aime pamalo abwino, amvetsere ndi mahedifoni, ndipo ngati mphepo ikumvekabe asunthe maikolofoni asanapitirize ulendo, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chimawomba.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje