Kalata Yotseguka kwa Nduna Yoona za Asilikali Apamadzi ku United States

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kukupemphani kuti ofesi yanu iunikenso nkhani ya Doris Miller, mnyamata wa ku Waco ku Texas, ndi kumupatsa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali, imene anamanidwa mu 1942.

Pa 7 December 1941, pamene ndege za Japan zinaukira doko la Pearl Harbor ku Hawaii, Miller anali m'sitima ya West Virginia akutolera zovala zoti zikachapidwe. Imeneyi ndiyo inali ntchito yake, pakuti malamulo a nthawiyo ankangolola munthu wakuda kuphika, kuchapa ndi kuperekera chakudya kwa akuluakulu. Sitimayo itaphulitsidwa, iye ananyamula anzake ovulala, ndipo anathandiza kusuntha Kaputeni Mervyn Bennion amene anali atavulala koopsa pamimba. Kenako anagwira mfuti yachiwaya ya Browning, imene sanaphunzitsidwepo n'komwe, n'kumaombera ndege za adani mpaka zipolopolo zinatha, moto ndi utsi wa mafuta zitamuzinga.

Kaputeni Bennion anafa tsiku lomwelo ndipo anapatsidwa Medal of Honor, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Koma dzina la Miller silinatchulidwe poyamba, mpaka nyuzipepala ya Pittsburgh Courier inalifukula mu March 1942. Aphungu ena atapempha kuti alandire mendulo yapamwambayo, a Frank Knox, amene anali pampando umene mwakhalapo inuwo, anakana. Mmalo mwake Admiral Chester Nimitz anamuveka mendulo yotsikirapo ya Navy Cross pa 27 May 1942, ndipo anakhala wakuda woyamba kuilandira. Anabwerera kukhitchini, ndipo pa 24 November 1943 anamira pamodzi ndi anthu oposa 600 pamene sitima ya Liscome Bay inaphulitsidwa pafupi ndi chilumba cha Makin m'nyanja ya Pacific. Anali ndi zaka 24.

Ndikudziwa kuti ena amati kulimba mtima kwake sikunapose kwa ambiri amene analandira Navy Cross, ndipo maganizo amenewa sindikuwapeputsa. Chimene chikundivuta ndi chakuti anthu amene anayeza kulimba mtimako ndi omwewo amene ankakhulupirira kuti munthu wakuda sangapatsidwe mfuti. Asilikali apamtunda anaunikanso zigamulo zawo, ndipo mu 1997 Pulezidenti Bill Clinton anapereka Medal of Honor kwa asilikali akuda 7 a Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, koma mwa akuda amene anamenya nkhondoyi pamadzi palibe ndi mmodzi yemwe amene anailandira.

Mu January 2020 ofesi yanu inalengeza kuti sitima yonyamula ndege zankhondo ya CVN-81 idzatchedwa Doris Miller, ulemu umene kawirikawiri umapita kwa apulezidenti. Ngati iye akuyenera zimenezo, n'zovuta kumvetsa chifukwa chimene fayilo yake idakali yotseka. Chonde ikani gulu loima palokha liwerengenso malipoti a tsikulo, ndipo zimene lipeze muzitumize ku nyumba ya malamulo ya Congress, imene ili ndi mphamvu yochotsa malire a nthawi yoperekera menduloyi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale