Njira yotseka majini a ntchentche za m'zipatso iyesedwe kaye kuno kwathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga pa ntchentche zimene zikuononga zipatso zathu, komanso pa njira yatsopano yothana nazo imene asayansi akuifufuza m'maiko ena pofuna kuchepetsa mankhwala opopera.

Aliyense wogula mango pamsika wa Zomba, ku Songani kapena ku Thondwe m'miyezi ya Disembala ndi Januwale vutoli amalidziwa. Chipatso chimaoneka chabwinobwino, kupatula kadontho kakuda pakhungu ndi kamalo kofewa ukadina ndi chala, koma ukachisenda umapeza mphutsi zoyera zikunyakulanyakula m'kati mofiirira. Pakadonthopo ndi pamene ntchentche yaikazi inaboola poikira mazira, ndipo magwafa, mapichesi ndi malalanje nawonso sapulumuka. Ntchentche yovuta kwambiri ndi ya mtundu wa Bactrocera dorsalis, yochokera ku Asia, imene inapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003 n'kufalikira m'maiko ambiri m'zaka zochepa, kudzaonjezera pa Ceratitis cosyra imene tinali nayo kale.

Kupopera mtengo wonse sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mphutsi ili m'kati mwa chipatso momwe mankhwala safikamo, ndipo mango athu akale ndi aatali moti mlimi wobereka sipuleya kumsana sangafike kunsonga. Zimene zimafa msanga ndi njuchi ndi tizilombo tina tothandiza kuti maluwa abereke, pamene zotsalira za mankhwalawo timadya ndife.

Njira yatsopanoyi imatchedwa RNAi. Andrew Fire ndi Craig Mello anaifotokoza mu 1998 atayesa pa kanyongolotsi kakang'ono, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2006. M'maselo a chamoyo chilichonse muli majini, omwe ndi malangizo a chibadwa, ndipo jini ikafuna kuti puloteni ina ipangidwe imatumiza uthenga wotchedwa RNA. Asayansi amakonza RNA ya nsinga ziwiri yofanana ndendende ndi uthenga wa jini imodzi yofunika kwa kachilombo kamene akufuna kuthana nako. Kakaidya, maselo ake omwe amaduladula uthenga wakewo, puloteniyo imasowa, ndipo kachilomboko kamafa kapena kamalephera kuswana. Popeza RNA imeneyi amaikonza molingana ndi mtundu umodzi wa tizilombo, cholinga n'chakuti njuchi ikhale yosakhudzidwa. Ikakhala yopopera kapena yosakaniza m'chakudya cha ntchentche, mtengo wa mango susinthidwa chibadwa, choncho tisaisokoneze ndi nkhani ya mbewu za GMO.

Komabe, a Mkonzi, nkhawa yanga ndi yakuti tingaombe m'manja msanga. Mankhwala oyamba opopera a RNA analoledwa ku America kumapeto kwa 2023, ndipo ndi ophera kafumbwe wa masamba a mbatatesi wa ku Colorado, osati ntchentche. Tizilombo ta m'gulu la kafumbweyo timagonja mosavuta, pamene m'matumbo mwa ntchentche za m'zipatso muli timadzi tomwe timaphwanya RNA isanalowe m'maselo, n'chifukwa chake ofufuza akuyesa kuikuta ndi chotetezera kapena kutseka kaye majini opanga timadzito. RNA imaonongekanso msanga padzuwa ndi m'dothi. Zimenezi n'zabwino ku chilengedwe, koma mlimi wa kuno ayenera kufunsa kuti mankhwalawo atsala pati ikagwa mvula ya ku Zomba, yomwe imakula nthawi yomweyo imene mango akupsa.

Maganizo anga ndi akuti njirayi ikadzafika kuno idzaikidwe m'nyambo, osati kumwazidwa pamtengo wonse. Ntchentche yaikazi imafuna puloteni kuti mazira ake akhwime, ndipo alimi ena amagwiritsa kale ntchito nyambo ya puloteni yosakaniza ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa spinosad, imene amathira pamasamba ochepa chabe. RNA itaikidwa m'nyambo yotero, pansi pa kadenga koteteza ku mvula, ingapeze ntchentche isanaboole chipatso, ndipo ingafunike yochepa, zomwe zingatsitse mtengo wake kwa munthu wokhala ndi mitengo isanu kuseri kwa nyumba.

Pakadali pano tili ndi njira zina zimene sitikuzilabadira mokwanira. Misampha yoikamo mankhwala afungo otchedwa methyl eugenol, yomwe ingapangidwe ndi botolo lapulasitiki loboola m'mbali, imakopa ntchentche zazimuna za Bactrocera dorsalis. Choposa zonse ndi kutola zipatso zakugwa, chifukwa mphutsi ikakhwima imatuluka n'kulowa m'dothi kumene imasanduka ntchentche. Zipatsozo zikwiriridwe m'dzenje lozama theka la mita, kapena zimangidwe m'jumbo lakuda n'kusiyidwa padzuwa. Kungoti ntchentche sidziwa malire a munda, choncho ntchitoyi imafuna kuti mudzi wonse ugwirizane, mafumu ndi alangizi a zaulimi atsogolere.

Ndikupempha a bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board kuti akonzeretu ndondomeko younikira mankhwala a RNA asanafike m'magolosale, ndipo akatswiri a ku Bvumbwe, ku Makoka, ku LUANAR ndi ku Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba ayambe ndi kalembera wa mitundu ya ntchentche imene ili m'minda yathu mwezi ndi mwezi. Akatero ayese nyambozo pa ntchentche zathu ndi njuchi zathu m'nyengo ya dzinja, ndipo zotsatira zake, pamodzi ndi ndalama zimene mlimi angaononge pa mtengo umodzi, azilengeze m'Chichewa pa wailesi.

Ine wanu,
Mlimi wa zipatso, Zomba