Inu okonza makompyuta, mabookmark anga, malinki a pa intaneti amene ndinasunga mu laputopu, munawachita chani?

Ndalemba pano pa peji yanu chifukwa ku WhatsApp mukungowerenga osayankha, mwina apa pagulu mundimva.

Ndinabwera ndi laputopu yanga kuti muyikemo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, inu munati poti SSD-yo ndi yaing'ono, 128GB, mafoda ena muwasamutsira ku hard disk yakale ija, imene pa kompyutayo izitchedwa D. Ndinavomera poti akatswiri ndinu, ndinalipira nkumapita. Kufika kunyumba ndikuti nditsegule Firefox, browser imene ndimalowera pa intaneti, pamwamba patuluka kamzere kofiira kakuti bookmarks ndi history sizigwira ntchito. Kudina kanyenyezi kosungira linki kaja palibe chochitika, Ctrl+D chimodzimodzi, ndipo malinki onse amene ndakhala ndikusunga zaka zonsezi mulibe, ma past paper a MANEB, mavidiyo a Biology omwe ndimaonetsa ana anga a Form 4, zonse mbee. Mwina simudziwa kuti linki imodzi yabwino munthu umayipeza utatha bandulo zingati, usiku ena atagona.

Ndabwerako kawiri konse, minibasi ndikulipira ndekha. Ulendo woyamba mnyamata wanu laputopuyo sanayiyatse nkomwe, anangoti madam imeneyo ndi vayirasi, nkundigulitsa antivirus. Ulendo wachiwiri mukuti tingofufuta zonse tiyike browser ina. Apa mpamene mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa mukanafufuta ndi foda imene Firefox imasungamo malinki anga bwenzi pano ndilibe kalikonse.

Wandithandiza ndi mwana wa achemwali anga dzulo madzulo, pa tebulo lodyera pompano, ine nditakhala pambali kuonerera. Analemba about:profiles pamene timalemba ma adiresi paja, pomwepo zinaoneka kuti foda ya profile, momwe Firefox imasunga zinthu zanga, ili ku D. Anandilongosolera kuti Firefox imasunga mabookmark ndi history mu fayilo imodzi yotchedwa places.sqlite mkati mwa foda imeneyo. Inu munasamutsa muli mu akaunti yanu ya admin ija munatsegula pokonza, ndiye pa fayiloyo akaunti yanga inalibe chilolezo cholembamo, nchifukwa chake palibe chimasungika. Anatseka Firefox, right click pa foda, Properties, Security, nkuchonga Modify pa dzina langa. Kutsegulanso, kamzere kofiira kaja kulibe. Kenako Ctrl+Shift+O, Import and Backup, Restore, nkusankha tsiku la ndisanabwere kwa inu, poti kani Firefox imadzisungira yokha ma backup mpaka 15 mu foda ya bookmarkbackups. Malinki anga anabwerera ndikuona ndi maso angawa, nsima isanapse nkomwe kukhitchini.

Ndiye ndikufunseni, zimenezi simumazidziwa, kapena mumadziwa koma munaona kuti mzimayiyu tingomugulitsa antivirus azipita? Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ine chandikwiyitsa nchakuti palibe ndi mmodzi yemwe pa shopu panupo anakhala pansi kuyang'ana vutolo, koma ndalama munalandira kawiri.

Ndikufuna ndalama ya antivirus ija ibwere, vayirasi munalibemo. Komanso tsiku lomwe lija panali bambo ena achikulire omwe munawauza zomwezo za kusamutsa mafoda ku D, chonde ayimbireni muone ngati zawo zikusungika, si onse ali ndi mwana wodziwa kompyuta pakhomo. Loweruka mmawa ndikubwera, lisiti ndasunga.