Kulemba "RTA" kokha m'buku la wovulala sikukwanira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri saiganizira kufikira tsiku limene yawagwera, ya mmene zipatala zimalembera za munthu wovulala pa ngozi ya pamsewu. Mukatsegula buku la kuchipatala la munthu wotere, kawirikawiri mumapeza zilembo zitatu, RTA, kenako mayina a mankhwala amene anapatsidwa. Zilembozo zimangonena kuti panachitika ngozi ya pamsewu, koma sizinena ngati munthuyo ankayenda pansi, ankapalasa njinga kapena ananyamulidwa pa kabaza wa njinga yamoto, ndiponso sizitchula chimene chinamugunda.

Ndondomeko ya ICD-10 yolembera matenda ndi kuvulala pogwiritsa ntchito manambala, imene inakonzedwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, imafuna kuti povulala ndi chimene chinavulazacho zilembedwe chilichonse pachokha. Fupa la ntchafu likathyoka nambala yake ndi S72, ndipo kuvulala kwa mkati mwa mutu ndi S06. Za ngoziyo zili ndi manambala akenso: V01 mpaka V09 ndi za oyenda pansi, V10 mpaka V19 za opalasa njinga, V20 mpaka V29 za okwera njinga zamoto. Koma kalaliki woika manambalawa sangapeke zimene dokotala sanalembe.

Woyamba kuvutika ndi wovulala yemweyo. Malamulo athu amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu amene yawapweteka, ndipo kampani ya inshuwalansi siipereka chipukuta misozi popanda lipoti la apolisi ndi la chipatala. Lipoti la chipatalalo limatha kulembedwa patapita miyezi, mwina ndi dokotala amene sanamuonepo munthuyo tsiku la ngozi, ndipo chodalira chake ndi zimene zili m'fayilo basi. Ngati simunalembedwe kuti unathyoka ndi mwendo wamanzere kapena wamanja, kuti fupa linatulukira kunja, kapena kuti munthuyo anafika atakomoka, mayi amene lero akuyendera ndodo ndipo sangathenso kulima angalandire ndalama zochepa ngati kuti anangosupuka khungu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ovulala ambiri ndi anthu osauka amene alibe loya wowamenyera nkhondo.

Dziko nalonso limaluza. Lipoti la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu pa dziko lonse lapansi chaka chilichonse, ndipo powerengera imfazi amaphatikiza aliyense womwalira pasanathe masiku 30 chichitikire ngozi. Munthu wogundidwa pa msewu wa M1 akamwalira m'wodi patatha milungu iwiri, chikalata cha imfa n'kungoti chibayo, ndiye kuti wasowa m'chiwerengero, ndipo okonza misewu sadziwa pamene pakufunika pooloka.

Sindikuloza chala anamwino ndi madokotala, amene usiku umodzi amatha kulandira minibasi yathunthu ya ovulala iwo ali ochepa. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala ndi kaundula wa anthu ovulala kuyambira 2008, umboni wakuti ntchitoyi ndi yotheka kuno kwathu. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti upereke ku zipatala zonse za m'maboma fomu yaifupi yongochonga, yofunsa malo ndi nthawi ya ngozi, chimene wovulala anakwera, chimene chinamugunda ndi chiwalo chimene chavulala, komanso kuti uphunzitse makalaliki osunga mafayilo kuika manambala a ICD-10 aja wodwala asanatulutsidwe.

Nzika yokhudzidwa,
Ntcheu