Mtengo wa zimbale za mafilimu akale wapitirira muyeso

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa mchitidwe umene wakula pakati pa makampani otulutsa mafilimu akale pa zimbale. Filimu yotchuka ikangokonzedwanso, amaitulutsa m'bokosi lokongoletsedwa la anthu okonda kusunga zinthu, n'kuikapo mtengo woposa kawiri kapena katatu wa chimbale wamba, pamene chimbale wambacho chimabwera patapita miyezi yambiri, mwinanso osabwera n'komwe.

Sindikukana kuti kukonzanso filimu yakale kumadya ndalama. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mafilimu ankajambulidwa pa tepi yapulasitiki ya mtundu wa nitrate, yomwe siichedwa kugwira moto ndiponso imawonongeka yokha ikakhalitsa. Moto wa mu 1937 ku Little Ferry, New Jersey, ku America, unapsereza nkhokwe ya mafilimu ya kampani ya Fox, ndipo lipoti la mu 2013 la Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, linapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Amene anapulumuka amafunika kuwayeretsa chithunzi ndi chithunzi, kuchotsa fumbi ndi mikwingwirima, kubwezeretsa mtundu ndi mawu, ndipo akatswiri ogwira ntchito yotereyi ayenera kulipidwa mokwanira. Ogula zimbale nawonso achepa, moti Netflix inasiya kutumizira anthu ma DVD mu September 2023. Zonsezi ndimazimvetsa, ndipo ndalama yolipirira chithunzi chabwino sindiiumira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndalama yowonjezerayo siikulipira chithunzi. Ikulipira bokosi lachitsulo, makhadi, positala yopindidwa imene ambiri sadzaipachika, ndi nambala yosindikizidwa kunsi kwa bokosi. Pamene kampani yotulutsa mafilimu pa zimbale ya Criterion inkayamba mu 1984, chimbale chake cha LaserDisc (zimbale zazikulu zimene zinalipo ma DVD asanabwere) cha filimu ya King Kong chinabwera ndi mawu a katswiri Ronald Haver akufotokoza mmene filimuyo inapangidwira, ndipo zowonjezera za mtundu umenewo zinkamuphunzitsa munthu kuonera filimu ndi maso atsopano. Zambiri za lero ndi zokongoletsa shelefu basi. Nthawi zina chimakhaladi chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, chifukwa munthu amatsegula bokosi lodula n'kupeza chithunzi chomwe chija chimene chinatuluka zaka khumi zapitazo, kapena chimene achisalaza ndi kompyuta mpaka nkhope za ochita sewero zikuoneka ngati za phula.

Choipitsitsa ndi kusowa kochita kupanga. Chimbale chikhoza kudindidwanso nthawi ina iliyonse, koma makampani amalengeza dala kuti makope ndi owerengeka ndipo akatha atha, cholinga chake n'chakuti anthu achite mantha n'kulipiriratu miyezi ingapo katundu asanatuluke, ngakhale openda zimbale asanaone ngati ntchitoyo yagwirika bwino. Makopewo amatha m'maola ochepa, ambiri atagulidwa ndi anthu amene alibe chidwi n'komwe ndi filimuyo, omwe amakawagulitsanso pa intaneti pa mtengo wokwera kwambiri asanang'ambe ndi pulasitiki yomwe. Pa ndalama imeneyo palibe imene imafika kwa katswiri amene anakonza chithunzi kapena kwa mabanja a amene anapanga filimuyo.

Tisaiwalenso kuti ogula ake ndi omwe aja. Amene anagula tepi ya VHS anadzagulanso DVD itayamba mu 1996, kenako Blu-ray ya mu 2006, ndipo tsopano akuuzidwa kuti filimuyo sanaione bwino kufikira atagula chimbale cha 4K, cha chithunzi chooneka bwino koposa, chomwe chinayamba mu 2016. Kukhulupirika kwawo ndi kumene kwasunga malondawa amoyo, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti mphoto yake ndi kuwakama.

Ena amati amene zamudulira aonere pa intaneti. Koma makampani oonetsa mafilimu pa intaneti amasunga akale ochepa chabe, ndipo filimu imene ilipo mwezi uno ikhoza kuchotsedwa mwezi wamawa mgwirizano ukatha. Kwa mphunzitsi, wophunzira za mafilimu, laibulale kapena wachinyamata amene wangoyamba kukonda ntchito zakalezi, chimbale ndi njira yokhayo yodalirika, ndipo chikadula chonchi iye amathera kwa ogulitsa makope akuba. Komanso ntchito yambiri yopulumutsa mafilimuwa inachitika ndi thandizo la mabungwe osafuna phindu, monga The Film Foundation imene wopanga mafilimu Martin Scorsese anakhazikitsa mu 1990, British Film Institute ndi Cineteca di Bologna. Opereka ndalama kumeneko ankafuna kuti mafilimuwo aonedwe ndi anthu ambiri, osati kuti atsekeredwe m'mabokosi a anthu ochepa opeza bwino.

Pempho langa kwa makampani ndi lakuti atulutse chimbale wamba, cha chithunzi ndi mawu omwewo, tsiku limodzi ndi bokosi lapamwambalo, kuti wofuna makhadi awalipire yekha ndipo wofuna filimu asakakamizidwe kugula zimene sakuzifuna. Ngati sangathe kutero, anene poyera tsiku limene chimbale wambacho chidzatuluke, ndipo pachikuto alembe momveka chaka chimene chithunzicho chinakonzedwa ndi kope limene anachitengako. Anzanga ogula ndikuwapempha kuti aleke kulipiriratu chimbale chimene palibe amene wachipenda, ndiponso asagule kwa ogulitsanso aja ngakhale filimuyo aikonde motani.

Ine wanu,
Wokonda mafilimu akale